Denga la Alamu

Kalipentala anali atatsitsa kale malata angapo pa denga la mlamu wake pamene mkazi wake anatulukira pakona pa nyumba, tepi yoyezera nsalu idakali m'khosi, akupuma wefuwefu.

"Abambo, tsikani."

"Ndili pa ntchito, amayi."

"Ndati tsikani! Kodi zimene ndinakuuzani dzulo zija zinalowera khutu liti?"

Mwamunayo sanacheuke n'komwe. Analowetsa chitsulo chake pansi pa mutu wa msomali, n'kukanikiza pang'onopang'ono mpaka msomali unalira kwii, n'kuzuka. Anauponya m'kachitini kamene anamangirira m'chiuno. Pansi, mlamu wake, mkazi wa malemu achimwene ake, anali ataima manja ali m'mwamba kudikira lata lina. Katundu wake yense anali panja: bedi, ndowa, mapoto, ndi katebulo kamene ankagulitsirapo tomato ndi anyezi pa siteji ya basi.

Malo aja anali a boma, ndipo palibe ankatsutsa zimenezo. Kanali kadera kopapatiza pakati pa njanji ndi ngalande yaikulu yochokera ku mafakitale, kamene kwa zaka zambirimbiri palibe anali nako ntchito kupatula anthu osowa kolowera. Ana anabadwira pomwepo, n'kukula, nawonso n'kubereka. Ndiye sabata imeneyo kunadutsa galimoto ya khonsolo, chimkuzamawu chili pamwamba, kulengeza kuti mwezi ukangotha kubwera katapila kudzagumula zonse, ndipo amene adzapezeke asadzalire. Kumbuyo kwake kunkayenda anthu a penti yofiira, akupaka chizindikiro pa khoma lililonse, ngakhale la chimbudzi.

"Alamu, mverani kuno inuyo poti awa makutu anasiya kumwamba," anatero mkazi wa kalipentala. "Ine ku msonkhano wa ku sukulu kuja ndinaliko. Mayi loya uja ananena mosapita m'mbali kuti khonsolo singagumule nyumba ya munthu popanda chilolezo cha khoti, ngakhale malo ali a boma. Chimkuzamawu si khoti ayi. Ayenera kutipatsa nthawi yokwanira, amve mbali yathu, atiuzenso kopita. Ndipo anachita kubwereza kuti musazule kanthu, musatulutse katundu, khalani m'nyumba zanu mpaka ndibwere ku khoti."

"Loya wanuyo anayamba wamuonapo katapila ali pa ntchito?" mawu anachokera pa denga. "Katapila sawerenga malamulo, amayi. Alibe maso, ali ndi mano okhaokha."

Mlamu uja anatsitsa manja. Anayang'ana mkazi wa kalipentala, kenako n'kuyang'ana kumwamba kumene dzuwa linali litayamba kale kulowa m'chipinda chake.

"Alamu, kapena tidikireko pang'ono?" anafunsa mlamuyo.

Apa m'pamene kalipentala anasiya chitsulo n'kusuzumira pansi.

"Alamu, malata awa mukuwadziwa bwino kuposa ine. Achimwene ankagula limodzilimodzi, n'kumabwera nalo atasenza pamutu, nsapato zawo zitang'ambika osagula zina. Mukufuna ndidzawaone atapindikapindika ngati chitini choti galimoto yaponda? Ine ndikali moyo, zimenezo ayi."

Atangotchula malemu, nkhani inatha. Mlamu uja anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yake, n'kukwezanso manja.

Tisamunenere zoipa zokhazokha kalipentalayu. Mantha ake sanali otola mumsewu. Ali mnyamata, iye ndi achimwene akewo ankakhala malo ena onga omwewa kutsidya lina la tawuni. Kumeneko nakonso kunabwera anthu ovala bwino, n'kunena kuti dikirani, tikukuyankhulirani. Anadikiradi. Katapila anafika m'mawa anthu atapita kukasaka ganyu, ndipo pobwera anapeza zonse zili fwaa, malata, zitseko ndi mbale zasakanikirana ndi dothi. Amene anali atachotseratu madenga awo anapeza poyambira. Amene anadikira anayambira pa makatoni. Kuchokera pamenepo kalipentala ankadziwa chinthu chimodzi, chimene aliyense wokhala malo oterewa amachidziwa: makoma ndi dothi chabe, umaumba njerwa zina, koma malata, chitseko ndi mafelemu ndiye nyumba yeniyeniyo. Choncho pofuna kupulumutsa nyumba ya mkazi wa achimwene ake, anayambira kumeneko, osati kwake.

Pofika madzulo nyumba ya mlamu wake inali yasa, kuyang'ana kumwamba. Malata anawasanja bwinobwino kuseri n'kuwapsinja ndi miyala. Pakona imodzi anakungapo pulasitiki wakuda kuti mayiyo azigona pansi pake podikira tsiku losamuka.

Anthu ataona kuti kalipentala, munthu amene anakhoma madenga ambiri a m'deramo, wayamba kuzula, mitima inawauluka. Woyamba kubwera anali wometa wa pafupi ndi mpopi, bambo wamfupi wa pakamwa posauma.

"A kalipentala, ngati inu mwayamba kuvula nyumba, ife tikudikira chiyani? Mawa mundiyambire. Tsitsi ndidzakumetani ulere mpaka mudzachite dazi."

Pambuyo pa wometa panabwera ena. Kalipentala ankadzuka m'mamawa, makwerero paphewa, n'kubwera dzuwa litalowa, manja ali mabala okhaokha. Sankakana munthu. Ankayenda ngati dokotala pa nthawi ya mliri, ndipo kunena zoona kamtima kankamukomera akamamva anthu akumuthokoza.

Tsiku lina masana anatsamiritsa makwerero pa nyumba yake yomwe. Mkati makina osokera ankalira, ndipo sanasiye.

"Amayi, tulutsani zinthu. Yafika nthawi yathu."

"Zulani," anayankha mkazi wake, phazi lili pa chopondera. "Koma mudziwiretu kuti ine sindisuntha, makinawa sasuntha, nsalu za anthuzi sizisuntha. Msomali ukandigwera m'diso mukafotokoze nokha kwa abale anga."

"Mkazi iwe, uli ndi mutu wouma ngati mwala!"

"Ndinatengera kwa amuna anga."

Kalipentala anatafuna mano, n'kunena kuti mawa azula, afune asafune. Koma mawa lake kunabwera mayi wina wa ana ang'onoang'ono kudzamuchonderera, ndipo mkuja lake kunabwera wina. Umu ndi mmene denga la mmisiri linatsalira pamwamba, pamene madenga a anthu omukhulupirira anali pansi.

Loya uja anabwera mwezi utatsala pang'ono kutha. Anali mtsikana wochepa thupi, wa ku bungwe lina lothandiza anthu osauka pa milandu, ndipo anafika pa njinga yamoto nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anthu anasonkhana pa mpopi. Anamupatsa kireti ya mabotolo kuti aimepo aonekere.

"Khoti lapereka chiletso," anatero. "Khonsolo isagumule nyumba zanu mpaka mlandu wonse utamvedwa. Woweruza wanena kuti kuopseza anthu ndi chimkuzamawu si njira imene lamulo limalola."

Ha, phokoso lake! Amayi anaimba nthungululu, ena anagwada pansi pomwepo m'matope a pa mpopi. Kalipentala anali kumbuyo, makwerero ali paphewa, kukamwa kuli yasa. Moyo wake wonse anali asanamvepo kuti pepala laimitsa katapila.

Koma loyayo sankaseka nawo. Anadikira phokoso lizizire, kenako anayang'ana mzere wa nyumba zopanda madenga umene unkaonekera kuchokera pa mpopipo.

"Pali china choti ndinene, ndipo n'chowawa. Loya wa khonsolo anabwera ndi zithunzi zimene anthu ake anajambula kuno. Makoma opanda denga, katundu ali panja. Anauza khoti kuti eni nyumba zimenezo avomereza okha kuchoka, ndiye palibe choti khoti liteteze. Ndinalimbana nazo. Ndinati anthu anazula chifukwa cha mantha, ndipo mantha anabweretsa ndi khonsolo yomweyo. Woweruza wati zimenezo tidzakambirane pa mlandu waukulu. Pakali pano chiletso chikuteteza nyumba zokhazo zimene zili zonse ndi denga lomwe, ndipo muli anthu."

Madzi ankasefukira m'ndowa ya munthu amene anaiwala kutseka mpopi.

"Nanga mlandu waukuluwo ndi wa liti?" anafunsa wometa.

"Si wa mawa, bambo. Ndikanama ndikanena tsiku."

Mitu inayamba kutembenuka, umodziumodzi, kulunjika kumbuyo. Onse ankayang'ana kalipentala.

"A kalipentala," anatero wometa, akuseka kuseka kopanda chimwemwe, "ine ndameta anthu zaka zonsezi, koma mpala wosalala ngati umene mwatimeta inuwu sindinaumetepo. Nanga yanu ija munaisiyira tsitsi bwanji?"

"Vuto lili pati?" Kalipentala anakankha anthu kupita kutsogolo. "Malata alipo, osabooka. Misomali ndinasunga. Ndipatseni amuna ochepa chabe, madenga onse abwerera mmene analili. Ndigwira usana ndi usiku, ulere!"

Loyayo anapukusa mutu.

"Chonde bambo, musayerekeze. Chiletsochi chikumanga mbali zonse ziwiri. Iwo asagumule, inu musamange. Zithunzi ali nazo kale. Lata limodzi likangokwera, athamangira ku khoti kukanena kuti anthu a kuno anyoza lamulo la woweruza, ndipo chiletso chichotsedwa kwa aliyense. Ndi nyumba zimene zatsalazi zomwe zipita."

Kalipentala anafufuza mlamu wake m'gulumo. Anamuona kumapeto, ataima ndi beseni la tomato pamutu, nkhope ili phee ngati munthu amene akumvera nkhani ya anthu ena. Kenako mayiyo anatembenuka n'kumapita.

Kunyumba mkazi wake sananene kuti ndinakuuzani. Akanangonena, mwina zikanamupepukira, akanapeza wokangana naye. Koma anangomuikira madzi osamba ndi chakudya, n'kukhala pa makina osawapondanso. Chakudyacho chinazizira m'mbale.

Kutacha, anthu asanayambe kupita ku ntchito, kalipentala anatenga makwerero n'kukawatsamiritsa pa khoma la mlamu wake. Anati denga limodzi lokha, la mayi wamasiye, ndani angalione pakati pa nyumba zonsezi? Anali atangonyamula lata loyamba pamene anthu anamuzungulira. Anali anansi ake enieni, anthu amene ankabwerekana nawo mchere ndi machesi, koma tsiku limenelo maso awo anali ena.

"A kalipentala, ikani pansi latalo."

"Mwagwetsa za ena, tsopano mukufuna mugwetse ndi zathu zomwe?"

"Ndi nyumba ya achimwene anga iyi!" anakuwa. "Ndinazula ndine, ndibwezera ndine! Amene akufuna andimenye andimenye!"

Wina anagwira makwerero. Kalipentala anawagwira mbali inayo, ndipo anayamba kukokana ngati ana. Zikanafika poipa ndithu, koma mlamu wake anatuluka pansi pa pulasitiki paja, akumanga mpango kumutu.

"Alamu, siyani."

"Alamu, ndiloleni ndikonze chimene ndinawononga."

"Ndati siyani. Mayi uyo ali ndi khanda, awo ali ndi odwala m'nyumba. Ndisakhale ine wogwetsera anthu onsewa pamvula chifukwa cha denga langa. Tengani makwerero anu muzipita."

Kalipentala anasiya. Lata lija linagwa pansi n'kulira, ndipo palibe analitola.

Mwezi utatha a khonsolo anabweradi, koma katapila sanabwere naye n'komwe. Anabwera amuna ochepa a mapiki ndi zihamala, apolisi ali pambuyo, wina atanyamula zithunzi zija. Ankafika pa nyumba, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana kumwamba, basi n'kuyamba. Nyumba ya denga ankaidutsa mwaulemu ngati tchalitchi. Loya uja analipo, akuyenda nawo khomo ndi khomo kuonetsetsa kuti sakhudza khoma limene chiletso chikuteteza, ndipo m'maso mwake munali mofiira.

Njerwa zosawotcha sizilimbana ndi munthu. Nyumba ya mlamu uja, imene inayang'anizana ndi ya kalipentala, inagwa mosavuta moti zinali zomvetsa manyazi. Khoma lomaliza kugwa linali la kuchipinda, ndipo anthu anaona kadera koyera pamene chithunzi cha malemu chinakhala zaka zonse zija. Mayiyo anaonerera mpaka fumbi litakhazikika. Kalipentala sanathe. Analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko, koma phokoso la mapiki linamulondola momwemo.

Kalipentala ndi mkazi wake anamutenga mlamu wawo kukakhala naye. Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi chodulidwa ndi katani, uku bedi, uku makina osokera ndi mapoto. Amayi awiriwo ankagona mkati, ndipo kalipentala anayala mphasa pakhonde pakati pa matabwa ake, n'kumanena kuti kunja kukupita kamphepo kabwino. Bodza lake linali loonekeratu, chifukwa mitambo inali itayamba kale kusonkhana ndipo udzudzu wa m'ngalande sunkagona. Pa chakudya sankakweza maso. Mlamu wake akalowa, iye ankapeza chifukwa chotulukira.

Wometa anali atapita kale, osatsanzika. Ena anakunga mapulasitiki m'mbali mwa njanji mpaka apolisi anawathamangitsanso.

Tsiku lina mlamu uja anamupeza kalipentala akupala thabwa limene silinkafunika kupalidwa. Anakhala pa chitini cha penti moyang'anizana naye.

"Alamu, ndayankhula ndi mwana wanga. Akuti ndipite. Mkamwini walola kuti ndikamange kachipinda kuseri kwa nyumba yawo."

"Kutali konse kuja? Nanga malonda anu? Makasitomala anu onse ali kuno. Khalani, alamu. Ndi nyumba yanu ino."

"Si yanga. Ndipo sindingagoneke mwamuna wa mwini pakhonde mvula ili pafupi, anthu aziti chiyani? Mayi loya ndamusiyira nambala ya foni. Akadzapambana mlandu wakewo adzandipeza komweko, ngati ndidzakhale ndikupumabe."

Kalipentala anaika chopalira pansi.

"Alamu, ndinakulakwirani."

"Munandilakwira, inde." Sanakweze mawu. "Ndinati tidikire, inu munanditchulira malemu. Mumadziwa kuti mukawatchula sindingayankhe. Chimene chija chimandiwawa kuposa makoma aja. Koma manja olandira malata aja anali anga. Ndipo ndikudziwa kuti simunachite ndi mtima woipa. Kungoti kudziwa zimenezo sikundipatsa pogona."

Kalipentala analira. Bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu, analira pakhonde pake masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mkazi wake mkatimo anayamba kuponda makina mwamphamvu kuti odutsa asamve.

Tsiku la ulendo anabwereka ngolo yokankha. Malata anawamanga pansi, pamwamba pake bedi, ndowa ndi katebulo ka tomato kaja, kamene mwini wake anakana kukasiya. Kalipentala ankakankha, amayi awiriwo akuyenda pambali atanyamula zikwama. Anadutsa pa mpopi, anadutsa milu ya dothi imene inali nyumba za anthu, n'kuwoloka kamlatho ka pa ngalande. Anthu ankatuluka m'makomo kudzagwirana chanza ndi mayiyo, ndipo ena mwa iwo anali omwe aja anakokana makwerero ndi kalipentala.

Atafika pa msewu wa tala, mlamu uja anaima mwadzidzidzi.

"Kodi kunyumba mwasiya ndani?"

"Palibe," anayankha mkazi wa kalipentala. "Takhoma ndi loko."

"Ha! Inu anthu inu, simunaphunzirebe? Suja anati nyumba ya denga ndipo muli anthu? Ojambula aja akadutsa n'kupeza loko pachitseko, mudzauza chiyani woweruza? Alamu, bwererani."

"Ndikufikitseni kaye ku depoti. Katunduyu ndi wolemera, ndipo malatawa pokweza amafuna munthu wodziwa."

"Ku depoti kuli anyamata ambirimbiri okweza katundu. Ngoloyi tikankha awiri ndi mayi mnzangayu, si lero tayamba kukankha zinthu. Inu pitani mukasunge nyumba. Pa nyumba ziwiri zimene inu ndi achimwene anu munamanga yatsala imodzi. Imeneyonso ikapita, ndiye kuti ine ndavutikira chabe."

Anachotsa manja a kalipentala pa zogwirira za ngolo, n'kuikapo ake. Sanagwirane chanza. Ngolo inayamba kuyenda m'mbali mwa msewu, malata akulira pansi pa katundu, amayi awiriwo atawerama.

Kalipentala anaima pang'ono, kenako anatembenuka. Anayamba ndi kuyenda, koma pofika pa kamlatho anazindikira kuti akuthamanga, kuopa kuti ojambula afika kale, ndipo anachita manyazi ndi kuthamanga kwakeko. Anapeza loko ali momwe anamusiyira. Anatsegula chitseko n'kukhala pakhomo penipeni, kuti aliyense wodutsa aone kuti m'nyumbamo muli munthu. Kutsogolo kwake kunali mulu wa dothi uja, ndipo panalibe kwina koti ayang'ane.